Inu oseka nkhondo pa foni, takhalani pansi mumve

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma za Loweruka lapitali zandiyankhulitsa. Ndili pa siteji kudikira minibasi, patsogolo panga panaima mnyamata wa kabaza, msinkhu wa mdzukulu wanga. Pa thanki ya njinga yake wamatapo chithunzi cha Hitler, pansi pake chizindikiro chija cha swastika. Ndinamufunsa kuti, "Iwe mwana, ameneyu ukumudziwa?" Iye akuseka akuti, "Madala, ameneyu anali dolo, anagwedeza dziko lonse yekha." Anzake m'manja. Madzulo ake pa gulu la WhatsApp la kumudzi kwathu wina waponya kanema wa mabomba akugwa pa mzinda wa eni ake, pansi pake tinkhope toseka mbwee, winanso n'kulemba kuti nkhondo yachitatu ingobwera tione mwamuna ndani. Ngati kuti akunena za mpira wa Lamlungu pa Kamuzu Stadium.

Ana inu, ine ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma, ndipo amalume anga anali msilikali wa Keyala, gulu lankhondo la Angerezi lija la King's African Rifles, anaponda ku Burma ndi mapazi awo. Sindikulankhula zamaluwa. Khalidwe mwayambali ndi lachibwana, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Tiyambe ndi dolo wanuyo, kuti iyeyo ankakuonani bwanji inuyo. Mu 1937 boma lake linagwira ana mazanamazana a ku Rhineland, chigawo cha dziko lake la Germany, amene abambo awo anali asilikali akuda, n'kuwachita opaleshoni kuti asadzabereke. Mu Juni 1940, pa mudzi wa Chasselay ku France, asilikali a Germany atagwira asilikali a France, anapatula akuda ochokera ku West Africa, n'kuwaombera pamtetete ndi mfuti za akasinja. Ayuda 6 miliyoni anawapha mwadongosolo, ambiri m'misasa ngati Auschwitz, ana ndi nkhalamba zomwe. Ukanakumana naye iwe wa kabaza, sakanakugwira n'chanza chomwe. Ndiye nkhope imeneyo ndiyo ukuipukuta fumbi m'mawa uliwonse?

Zoti anagwedeza dziko sindikana. Pa 1 Sepitembala 1939 analowa m'dziko la Poland, patapita masiku awiri Britain ndi France analengeza nkhondo, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kuyambika. Mu Meyi 1940 akasinja ake anadzera m'nkhalango ya Ardennes, kumene akuluakulu a nkhondo a France ankati sikungadutse gulu lalikulu, ndipo m'masabata 6 okha France inagwada. Angerezi anachita kuthawitsa asilikali oposa 330,000 pa gombe la Dunkirk, ena pa mabwato a asodzi, zida zonse zolemera atazisiya pamchenga. Mpaka apa ndi pamene mavidiyo anu amathera, chifukwa ndi pokoma. Zotsatira zake simuzionera.

Chaka chomwecho ndege zake zinalephera kugonjetsa ndege za Britain. Munthu wanzeru akanaima kaye pamenepo. Iye ayi. Pa 22 Juni 1941 anatumiza asilikali oposa 3 miliyoni kukathira nkhondo Soviet Union, dziko limene anali atasaina nalo pangano losamenyana zaka ziwiri m'mbuyomo. Anadzitsimikizira kuti ntchito itha nyengo yachisanu isanafike, motero asilikali ambiri anapita opanda zovala za chisanu. Pofika Disembala anali pakhomo pa Moscow, zala zikuuma, mafuta akugwirana m'mainjini, mfuti zikukana kulira. Pa 5 Disembala asilikali a Soviet anawatembenukira n'kuwabweza. Sabata isanathe, pa 11 Disembala, Hitler yemweyo analengezanso nkhondo ndi America, Japan itangophulitsa doko la sitima zankhondo za America la Pearl Harbor pa 7 Disembala. Britain sanaimalize, Russia yamukanika, akuwonjezerapo dziko la mafakitale ochuluka kuposa lina lililonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Udolo wake uli pati pamenepa?

Koma pamene ndikufuna mukhazikike ndi pa Stalingrad, chifukwa dzinali mumalitchula ngati dzina la timu.

M'chilimwe cha kwawoko mu 1942 cholinga chenicheni chinali mafuta a ku Caucasus. Hitler anagawa gulu lake pawiri, ena kumafuta, ena kukalanda mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Volga wotchedwa ndi dzina la Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union. Mu Ogasiti ndege zinauphwanya mzindawo, anthu wamba zikwi zambiri n'kufa m'masiku ochepa. Kuphwanyako kunawatembenukira okha, pakuti mabwinja aja anasanduka pobisala pa asilikali a Soviet a General Chuikov. Nkhondo inakhala ya nyumba ndi nyumba, chipinda ndi chipinda, ena pamwamba ena pansi m'nyumba imodzi, kumamvana kutsokomola usiku. Musaganizenso kuti mbali ya Soviet kunali chifundo. Stalin anali atalamula kuti pasapezeke wobwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi, ndipo kumbuyo kwa asilikali ake kunkaima magulu ogwira othawa.

Pamene asilikali abwino onse a Germany anali atapanikizana mumzindamo, m'mbali mwawo munali anzawo owathandiza, asilikali a Romania, opanda zida zokwanira zoimitsira akasinja. Akuluakulu ena anachenjeza, sanamvedwe. Pa 19 Novembala 1942 asilikali a Soviet anaboola m'mbali muja, ndipo m'masiku anayi anakumana pa Kalach, atatsekera anthu oposa 250,000 m'kati ngati mbewa kuuna. Mpata wothawa unalipo masiku oyambirira. Hitler anakaniza. Göring, mkulu wa ndege zankhondo, analonjeza kuti awadyetsa kudzera mumlengalenga, koma zimene ndegezo zinkabweretsa sizinkafika ndi theka lomwe la zofunika. Anthu anadya akavalo awo mpaka kutha. Ovulala ankauma ndi chisanu ali pamzere wodikira ndege. Kumapeto kwa Januwale 1943 Hitler anakweza mtsogoleri wawo, Paulus, kukhala field marshal, podziwa kuti palibe wa udindo umenewo ku Germany amene anagwidwapo wamoyo. Kunali kumuuza mochenjera kuti adziphe. Paulus anangodzipereka tsiku lotsatira, ndipo pa 2 Febuluwale zonse zinatha. Anagwidwa pafupifupi 91,000. Amene anadzaonanso kwawo, patapita zaka, anali cha m'ma 6,000 basi. Mbali ya Soviet, ophedwa, ovulala ndi ogwidwa pa nkhondo imodzi yomweyi anaposa miliyoni.

Werenganinso manambalawo pang'onopang'ono. Ambiri mwa iwo anali a msinkhu wanu, zaka 19, 20, 22. Amene anawatumiza anali m'chipinda chofunda kutali, akuloza mapu ndi chala.

Kuchokera apo kunali kutsetsereka kokhakokha. Ku El Alamein, m'chipululu cha Egypt, General Montgomery wa Britain anali atathyola kale General Rommel wa Germany mu Novembala 1942. Ku Kursk mu Julayi 1943 Germany inayesa komaliza kuukira mwamphamvu kum'mawa, akasinja ake n'kuthera m'minda. Pa 6 Juni 1944 asilikali oposa 150,000 a America, Britain, Canada ndi anzawo anatsika pa magombe a Normandy tsiku limodzi. Pofika Epulo 1945 amene ankateteza Berlin ena anali ana asukulu ndi nkhalamba, ndipo pa 30 Epulo dolo wanu uja anadziwombera m'chipinda cha pansi pa nthaka, kusiya anthu ake m'mabwinja. Kunyanja ya Pacific nako zinali chimodzimodzi. Japan, itatenga Singapore mu Febuluwale 1942, inadziona ngati yosagonjetseka, osadziwa kuti Amereka akuwerenga mauthenga ake achinsinsi. Pa Midway mu Juni 1942 inataya sitima zinayi zonyamula ndege pa nkhondo imodzi, ndipo sinadzukenso ngati kale.

Mwina mukuti zonsezi n'za azungu ndi Ajapani, ife zikutikhudza pati. Apa ndiye pamandipweteka kwambiri, chifukwa zikuonetsa kuti agogo anu simunawafunse kanthu ali moyo. Amuna a Nyasaland pafupifupi 30,000 anavala yunifolomu pa nkhondo imeneyi. Mu Julayi 1940 anali anyamata a kuno amene anapanikizidwa ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Mwezi wotsatira ena anali pa Tug Argan ku Somaliland, limodzi ndi abale athu a Northern Rhodesia Regiment. Anayenda nawo ulendo wochotsa asilikali a Mussolini wa Italy mu Ethiopia, umene unafikitsa mfumu ya dzikolo Haile Selassie ku Addis Ababa mu Meyi 1941 n'kudzathera pa Gondar mu Novembala. Mu 1942 anawoloka nyanja kupita ku Madagascar. Kenako Ceylon, kenako Burma.

Za ku Burma ndinazimva pakhonde, osati m'buku mokha. Mu Malichi 1944 General Mutaguchi wa Japan anatsogolera asilikali ake kudutsa mapiri kuti akalowe India kudzera ku Imphal ndi Kohima. Anawapatsa chakudya cha masabata atatu okha, ati zotsalazo akalanda kwa Angerezi. Taonani, matenda omwe aja a ku Moscow. Pa Kohima anamenyana mpaka pa bwalo la tenesi la bwanamkubwa wa boma, mbali iyi ndi mbali iyo kumaponyerana mabomba apamanja. Zolanda zija sizinalandidwe, mvula inayamba, ndipo pofika Julayi Ajapani anabwerera akufa ndi njala m'njira. Opitirira 50,000 anafa kapena kuvulala ndi kudwala. Amene anapatsidwa ntchito yowalondola mvula ili pakati, kudutsa chigwa cha Kabaw, anali a 11th East African Division, mmene munali magulu a Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Chigwacho asilikali ankachitcha chigwa cha imfa chifukwa cha malungo ndi matenda ena. Anafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944.

Amalume sankakonda kuikamba nkhaniyi. Ana tikawaumiriza kuti atiuze za kuwombera, ankatiuza za matope ofika m'mawondo, za misundu yolowa m'nsapato, za mapiritsi a malungo amene ankasandutsa maso achikasu, za chakudya chogwetsedwa ndi ndege chimene nthawi zina chinkagwera kutsidya. Kamodzi kokha, atamwa pang'ono, anatiuza za mitembo ya Ajapani imene ankaipeza m'mbali mwa njira, ena atatsamira mtengo ngati akupuma, mafupa okhaokha, chithunzi cha mkazi ndi mwana chili m'thumba. Sanaseke. Sanawatukwane ngakhale pang'ono, chonsecho anali adani amene anawaphera anzawo. Mvula yoyamba ikagunda usiku, azakhali ankawapeza atakhala tsonga pakona, thukuta lili kamukamu. Anabwerako ndi mamendulo, jasi lankhondo ndi tindalama tochepa timene sitinakhalitse, n'kubwerera kukhasu. Munthu amene anaiona nkhondo ndi maso sankaiseka. Inu amene mwaionera pa foni ya mainchesi asanu ndiye mwapeza nthabwala?

Tsono iwe unalemba kuti yachitatu ibwere, ndikufunse: ukuganiza kuti iweyo udzakhala mbali iti ya kanemayo? Pa anthu oposa 60 miliyoni amene anafa pa nkhondo yachiwiri, ochuluka sanali asilikali. Soviet Union yokha inataya pafupifupi 27 miliyoni. Mzinda wa Leningrad unazingidwa masiku 872, ndipo nthawi ina munthu wamba ankalandira buledi wa magalamu 125 patsiku, kachidutswa kosadzaza chikhatho, mpaka anthu mazana a zikwi anafa ndi njala m'nyumba zawo. Ku Bengal, ku India, kumene sikunali mzere wa nkhondo, njala ya 1943 inapha anthu oposa 2 miliyoni, mpunga wa ku Burma utasiya kubwera, mitengo itakwera, boma lachitsamunda likuika nkhondo patsogolo. Ife amene tikudziwa tanthauzo la kugona pa mzere wa chimanga, nkhani imeneyi tikanayenera kuimva msanga kuposa wina aliyense. Mwaiwala kale mmene thumba la feteleza ndi botolo la mafuta ophikira zinadumphira mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba? Imeneyo ndi nkhondo ya mayiko awiri, kutali. Ndipo yachiwiri ija inatha ndi mabomba awiri okha a nyukiliya amene America inaponya ku Japan, pa Hiroshima pa 6 Ogasiti ndi pa Nagasaki pa 9 Ogasiti 1945. Lero mabomba a mtundu umenewo alipo zikwizikwi, ambiri amphamvu kuposa aja.

Sindikukuletsani kuphunzira za nkhondo. Ndinadya malipiro a ntchito imeneyo zaka zonsezi, ndipo ndimasangalala mwana akandifunsa chifukwa chake Stalingrad inatembenuza zinthu. Chimene ndikukana ndi kuseka, kuchemerera, ndi kufalitsa timavidiyo todulidwa pakati, topangidwa ndi anthu amene simukuwadziwa ndi zolinga zimene simukuzidziwa. Inunso akuluakulu a magulu a WhatsApp, mumachotsa munthu chifukwa sanasonkhe ya maliro, koma woponya mitembo ya ana a eni ake ndi tinkhope toseka mumangomuyang'ana. Makolo, mwana akabwera ndi malaya a chizindikiro chija kuchokera pa kaunjika, mufunseni ngati akudziwa chimene wavala.

Novembala akubwera. Mudzaona asilikali ndi akuluakulu atavala kaduwa kofiira pachifuwa, akuika nkhata pa chipilala cha Keyala ku Zomba ndi pa nsanja ya chikumbutso ku Lilongwe. Amene muli pafupi pitani mukaime nawo, foni ili m'thumba, mphindi ziwiri zokha zija za chete. Amene muli kumudzi, funsani agogo anu aakazi kuti m'banja mwanu anapita ndani ku nkhondo ya Hitler, ndipo anabwerako kapena ayi. Mudzadabwa.

Iwe wa kabaza, dzina lako sindilitchula, koma ukudzidziwa, ndipo amayi ako timapemphera mpingo umodzi. Loweruka likubwerali ndidzadutsanso pa siteji pomwepo ndi katundu wanga wa kumsika. Ndikadzapeza thanki ija ili yoyera, ndidzakwera njinga yako, ndipo sindidzanenerera mtengo.