Chikuku si thukuta, musamatumize mwana wodwala kusukulu

Inu makolo a kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, tamverani. Ndayankhula pamaliro, ndayankhula kutchalitchi, lero ndauza mdzukulu wanga kuti andilembere pafoni.

Sabata yatha ndinakumana ndi kamtsikana ka sitandade 2 kakupita kusukulu, maso ali psuu, mamina ali chuchuchu, kuseri kwa makutu ndi kumaso zidzolo zili mbwee. Amake anakaveka juzi kuti aphunzitsi asaone. Juzi, dzuwa la kuno lili phwee! Nditawafunsa akuti, "Agogo, ndi thukuta chabe. Akakhala pakhomo saphula phala la kusukulu, komanso ine ndili ndi kudimba."

Thukuta linayamba liti kutsokomoletsa mwana ndi kumufiiritsa maso? Chimenecho ndi chikuku, ndipo chimayenda ndi mpweya. Mwana akatsokomola m'kalasi, kachilomboko kamakhalabe m'menemo mpaka maola awiri iye atatuluka. Pa ana 10 osabayitsa katemera amene apuma mpweya umenewo, 9 amatenga. Nanga m'makalasi athu muja ana amakhala pansi mothithikana ngati matemba m'dengu, mukuti kutsala ndani? Choipitsitsa n'chakuti amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, n'kupitiriza masiku 4 zitatuluka. Ana enawo amapita nacho kwawo, kukapatsira khanda lakumsana lomwe silinafike msinkhu wa katemera.

Mwaiwala 2010? Chikuku chinakuta dziko lonse, odwala kupitirira 100,000, ndipo ana ambiri tinawaika m'manda. Chimapha ndi chibayo ndi kutsegula m'mimba, ena chimawasiya akhungu kapena ogontha.

Za m'maso ndinenepo, poti ife akuluakulu ndife timalakwa. Kufinyira madzi a masamba m'maso mwa mwana kulekeke. Kumutsekera m'nyumba kuti "chikuku chituluke bwino" kulekekenso. Ine ndinakula ndi zimenezo, ndipo ndikudziwa anzanga amene lero akuyenda chogwiridwa dzanja. Pitani naye kuchipatala, mukangofika nenani kuti mukukayikira chikuku asamukhazike pamzere ndi makanda. Kumeneko amapereka Vitamin A woteteza maso. Kunyumba mumwetseni madzi pafupipafupi, woyamwa aziyamwabe.

Katemera ndi waulere kusikelo: woyamba pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Ambiri mumabayitsa woyambayo basi n'kuiwala. Ena mabuku a kusikelo anapita ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, chabwino, koma alangizi a zaumoyo alipo m'mudzi momwemo, kawafunseni.

Aphunzitsi nanunso, mwana wotentha thupi ndi zidzolo mubwezeni, ndipo dziwitsani azaumoyo tsiku lomwelo.

Inu mayi a juzi, mukudzidziwa. Mawa m'mamawa ndidutsa kwanu musanapite kudimba, phala la mwanayo ndibweretsa ndine.