Power BI siikonza kaundula wosokonekera

A mtolankhani, mwalemba kuti kampani ikangogula Power BI, pulogalamu yapakompyuta yopangira malipoti, n'kuilumikiza ku SAP, pulogalamu yosungiramo kaundula ndi maakaunti a kampani, malipoti ayamba kutuluka sabata yomweyo. Kulumikizako sikuvuta, chovuta ndi zimene zili m'katimo. Kuntchito kwathu kasitomala mmodzi analembedwa mosiyanasiyana: a zamalonda anaika dzina la shopu, a maakaunti dzina la mwini wake, kosungira katundu nambala chabe. Power BI inamuwerenga ngati anthu atatu, ngongole yake n'kuoneka yochepa, ife n'kumamupatsabe katundu. Tinavutika kukonza zimenezi tokha, otigulitsa atapita kalekale. Anzanga amene mukufuna kugula, yambani mwagwirizana kuti malonda a mwezi muziwawerengera pa invoisi kapena pa ndalama zolowa kubanki, ndipo musankhe munthu mmodzi woyang'anira kaundula wa makasitomala.