Kamera ya mirrorless ndi yabwino koma za batire simunena

Aliyense amangoti gula mirrorless, kamera yopanda galasi mkati, ndi yopepuka, autofocus yake imatsata diso la munthu yokha, eya izo nzoona. Koma za batire bwanji simunena? Pa DSLR, kamera yokhala ndi galasi mkati, umangosuzumira pagalasi basi, batire limodzi tsiku lonse. Koma pa mirrorless, sensa (kachipangizo kamkati kojambula chithunzi) ndi kasikirini ka mu viewfinder (posuzumira paja) zimangoyaka nthawi yonse, ntchito isanafike pakati batire layamba kale kuphethira, chikwama chodzadza ma spare ngati ukugulitsa. Ndiye ma lens akale a DSLR aja salowa popanda adapter, ukaikapo kulemera kuja kwabwereranso, nanga kupepukako kuli pati? Kusintha lens kunja kuli mphepo ndiye usayerekeze, sensa ili pamtetete, fumbi lonse pomwepo, ukajambula mitambo timadontho tokhatokha. Aaa zimatopetsa abale.