Ife timati chimaswa mphika, Azulu amati chimausenza

Agogo anga ankatiuza kuti ukapha chiswamphika, mphika uliwonse umene ungagwire udzakuswekera m'manja. Ndiye chikatera pakhonde, miyendo yakutsogolo ija itapindidwa, kamutu kakutembenuka kutitsatira, ana tonse tinkachilambalala. Mukawoloka mtsinje wa Songwe kulowa ku Tanzania, mupeza kuti m'Chiswahili amachitcha vunjajungu, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo: choswa mphika. Koma ku South Africa, Azulu amati isithwalambiza, kunena kuti chosenza mphika. Iwo anayang'ana miyendo yomweyo n'kuona munthu wanyamula mtsuko mosamala. Ambiri kumeneko chikalowa m'nyumba sachithamangitsa, amati ndi mwayi kapena makolo abwera kudzazonda, ndipo m'nthano za Asan, mtundu wina wa anthu akumeneko, mulungu wawo wotchedwa ǀKaggen amaoneka ngati chiswamphika.

Ine ndimaona kuti anzathu akummwerawa anatiposa. Mantha athu ankachiteteza ndithu, koma ankadalira mphika wadothi. Lero tikuphikira m'mapoto achitsulo, mwana angaope chiyani? Komanso mantha aja sanatiphunzitse kuchiyang'anitsitsa, n'chifukwa chake zonse timangozitcha dzina limodzi.

Chonsecho padziko lapansi pali mitundu yoposa 2,400, yambiri m'madera otentha ngati kwathu kuno. Akatswiri amaiika m'gulu la Mantodea, ndipo abale ake apafupi ndi mphemvu ndi chiswe, osati ziwala monga ambiri timaganizira. Zobiriwira zikuluzikulu timaziona m'munda zija nthawi zambiri ndi za mtundu wa Sphodromantis. Ku Tanzania kumapezeka Idolomantis diabolica, chachikulu, chomwe chikaopsezedwa chimatambasula miyendo yamawanga ofiira, oyera ndi akuda. Phyllocrania paradoxa ndiye mungachiponde muli chiyang'anire, chimangokhala ngati tsamba louma lopotoka. Miomantis caffra cha ku South Africa chinapezeka ku New Zealand mu 1978 n'kukhazikika komweko.

Chiswamphika sichidya mbewu. Chimabisalira ntchentche, ziwala ndi agulugufe, n'kuwakhwathula ndi miyendo yaminga ija, ngakhale njuchi sichizisiya. Nthawi zina chachikazi chimadya chachimuna pokwerana. Mazira chimaikira m'thovu lomwe limauma n'kukhala kachikwa kolimba kokakamira ku kamtengo, ndipo mumatuluka tiana tambirimbiri tofanana ndi make, topanda mapiko okha.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti malire a mayiko sakusiyanitsanso kanthu m'minda. Chifikireni mbozi zowononga chimanga cha m'ma 2016 ndi 2017, alimi ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi South Africa komwe akupopera mankhwala kwambiri, ndipo ambiri mwa mankhwalawo sasankha mdani kapena mlonda. Chaka chatha ndikusadza mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba ndinapeza tizikwa tiwiri pa nthambi imene ndinali nditadula kale. Ndinaimangirira ndi luzi ku nthambi ina, ndipo ndinaitana ana kuti adzaone.