Zondidzutsa 2 koloko usiku si ufiti

Ndikulemba izi chifukwa zimandichitikira ineyo. Ndimagona bwinobwino, osalota kanthu, kenako cha m'ma 2 koloko ndimadzidzimuka mtima ukugunda ngati utuluka, thukuta kamukamu, mpweya ukuperewera, zala zitachita dzanzi. Nthawi imeneyo mumtima ndimangoti lero ndiye ndapita.

Nditawauza azakhali a ku dera la Chinamwali kuno ku Zomba anati, "Mwanawe, alipo amene akukulodza." Mnzanga wina wa kutchalitchi anati ndafooka pa pemphero. Onsewa amandikonda, sindikukayika, koma mawu awo anandiwonjezera mantha mpaka ndinayamba kuopa bedi langa lomwe.

Kuchipatala anandiyeza BP, shuga, malungo ndi mtima, zonse zili bwino. Adokotala anati imeneyi ndi panic attack, kutanthauza mantha aakulu ongobwera mwadzidzidzi. Thupi limatulutsa adrenaline, timadzi tolikonzekeretsa kuthawa zoopsa, ngati waona fisi pakhomo, pomwe fisiyo palibe. Ukamapuma mothamanga umataya mpweya wa carbon dioxide wambiri, ndiye chizungulire ndi dzanzi zija zimachokera pamenepo. Zimakula kwambiri pa mphindi 10 zoyambirira kenako zimayamba kutsika zokha. Kungodziwa zimenezi kunandithandiza kuposa chilichonse.

Pano zikandiyamba sindilimbana nazo. Ndimadzuka, n'kukhala pampando, mapazi pa simenti yozizira ija ya kuno mwezi wa June. Ndimakoka mpweya ndikuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6. Foni sindiyigwira. Khofi ndi tiyi wa madzulo ndinasiya, ngakhale ndimamufunabe kukazizira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chipatala chachikulu cha matenda a m'maganizo m'dziko muno, Zomba Mental Hospital, chili pakhomo pathu penipeni. Anthu amakwera mabasi kuchokera kutali kudzafuna thandizo, koma ife eni mudzi timaopa kuti wakabaza wotidziwa atiwona tikulowa pageti, mawa Mpondabwino yonse imve kuti uje wapenga. Ine ndinataya chaka chathunthu chifukwa cha manyazi amenewa, ndikugona nyali ili chiyakire.

Ngati zakuyambani kumene, makamaka ngati pachifuwa pakupweteka, pitani kaye akakuyezeni mtima, musangoganiza kuti ndi mantha. Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma kuchipatalako pitani.

Dzulo zinandibwereranso magetsi atazima. Ndinakhala pampando paja mumdima, ndikuwerenga, ndipo 3 koloko isanakwane ndinali nditagonanso.