Chomangira galu m'galimoto chizipangidwira ngozi, osati ulendo wabwinobwino wokha

Maganizo anga ndi akuti zomangira agalu zambiri zimene zimagulitsidwa kuti ndi "za m'galimoto" zimangoletsa galu kudumphira dalaivala, basi. Galimoto ikawomba chinthu, ntchito yake imathera pomwepo.

Tiyeni tiwerengere. Mipando ya ana ya m'galimoto ku America amaiyesa motsatira lamulo la FMVSS 213, pa liwiro la makilomita 48 pa ola, ndipo m'kamphindi kogundako mphamvu yokoka thupi imaposa kulemera kwake maulendo 20. Galu wa makilogalamu 20 amakoka lamba wake ngati katundu wa makilogalamu 400 kapena kuposerapo. Kachomangira ka pulasitiki kongoti "kwa!" kaja sikangapirire zimenezo. Kamayamba kuthyoka ndi iko, kenako ulusi umasololoka pamene lamba wakumana ndi mphete yachitsulo, ndipo mphete imene sanaiwotcherere imangoyasama. Ngowe yozungulira ija ya pa chingwe choyendera galu nayonso ndi yosalimba, imaduka pakhosi pake.

Mu 2013 bungwe la Center for Pet Safety, mothandizidwa ndi kampani yopanga magalimoto ya Subaru, linayesa ma harness (zomangira zovekedwa pachifuwa ndi kumsana kwa galu) pogwiritsa ntchito zidole za agalu zolemera pafupifupi makilogalamu 11, 20 ndi 34. Imene inachita bwino pa misinkhu yonse itatu inali imodzi yokha, Sleepypod Clickit Utility. Ena anaduka, ena anagwira koma chidole chinachokabe pampando.

Koma vuto limene anthu salilabadira kwenikweni ndi kutalika kwa chingwe. Munthu amapulumuka chifukwa lamba wake amakoka msanga, thupi n'kumachepetsa liwiro limodzi ndi galimoto pamene kutsogolo kukuphwanyika. Galu amene wamangidwa ndi chingwe cha theka la mita sapindula nazo zimenezi. Galimoto imaima, iye n'kupitirirabe ndi liwiro lonse lija mpaka chingwe chikungike, ndiye mphamvu yonse imamufikira kamodzin'kamodzi pamalo amodzi. Nthawi zambiri asanafike n'komwe pamenepo amakhala atamenya kale kumbuyo kwa mpando wakutsogolo, kapena mutu wa amene wakhalapo. Ngati chingwecho chakoledwa pa kolala, ndiye musanene, khosi ndilo limalandira zonse.

Choncho harness yabwino siifuna chingwe chowonjezera. Lamba wa galimoto weniweniyo, amene m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 47 ndipo anapangidwira kugwira munthu wamkulu, azidutsa m'malamba a kumsana kwa harness n'kukatsekeka m'malo mwake. Kutsogolo kukhale chotchinga chachikulu chofewa chophimba chifuwa ndi mapewa, kuti mphamvu imwazikire pa mafupa, isapite pammero kapena pamimba. Malamba onyamula mphamvu akhale amodzi ozungulira thupi, osati tizidutswa tolumikizalumikiza, ndipo pamene kusoka sikungapeweke asoke kabokosi kokhala ndi mtanda mkati, mobwerezabwereza. Pomuveka, zala ziwiri zokha ndizo zizilowa pakati pa lamba ndi thupi. Galu amathabe kukhala ndi kugona, koma zoyendayenda pampando ayi. Ena amaona ngati nkhanza. Ine ndikuti ufulu woyendayendawo ndiwo umamuvulaza.

Mpando wakutsogolo iwalaniko, airbag, thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi, anaipangira munthu wamkulu wokhala tsonga.

Mphaka ndi tiagalu ting'onoting'ono amafuna bokosi. Apa ambiri amalakwitsa poliika pampando n'kulizunguliza lamba. Pulasitiki wamba amasweka lamba akamufinya, kachitseko n'kufwamphuka, chiweto n'kutulukira pomwepo. Bungwe la oyendetsa magalimoto la ADAC ku Germany, litayesa zimenezi, limalangiza kuika bokosi laling'ono pansi, kuseri kwa mpando wakutsogolo, pomwe lilibe malo othamangira. Bokosi la galu wamkulu likhale kumbuyo konyamulira katundu, mopingasa, litatsamira mpando wakumbuyo, ndipo limangidwe ku mphete za pansi ndi malamba olembedwa mphamvu yake, osati zingwe zotamuka. Ngati pampando wakumbuyo palibe munthu, tsekanibe malamba ake kuti athandize kugwira mpandowo. Bokosi lisakule mopitirira: galu athe kuima, kutembenuka ndi kugona, zokwanira. Malo otsala mkatimo amachita zomwe chimachita chingwe chachitali chija.

Kwa opanga, dandaulo langa lili pa mawu akuti "crash tested", kutanthauza kuti chinayesedwa pa ngozi yoyeserera. Ku America kulibe lamulo lokakamiza zomangira ziweto kufika pa muyezo winawake, ndiye mawuwa angathe kungotanthauza kuti anayesa, osati kuti chinapambana. Pa katoni alembe liwiro limene anayesera, kulemera kwa chidole, ndi mtunda umene mutu wa chidolecho unapita kutsogolo. Aonetsenso kanema wake, wa saizi iliyonse, chifukwa harness imene yagwira galu wa makilogalamu 11 ingathe kuduka ndi wa 34. Alembenso poonekera kuti ikakhala pa ngozi kamodzi itayidwe, ngakhale ikuoneka yabwinobwino, popeza ulusi ukatamuka subwereranso mwakale.