Ku Quelimane nyumba zimayang'ana mtsinje, ku Blantyre zinaufulatira

Mwezi watha ndinaperekeza alamu anga ku Quelimane kukaoda katundu wa geni yawo ya pa Limbuli. Tinadutsa pa Muloza m'mamawa, kenako Milange ndi Mocuba, n'kukafika dzuwa litapendeka, malaya atamatirira kumsana. Alamu anati tisafulumire kugona, tikapitidwe kaye mphepo ku Marginal.

Marginal ndi msewu wotsata gombe la mtsinje wa Bons Sinais. Dzinali anautcha ndi Vasco da Gama atafika ndi zombo zake mu 1498. Tchalitchi chakale cha Akatolika, chomangidwa m'zaka za m'ma 1700, chili pompo, ndipo ndi mumzinda womwewu momwe David Livingstone anathera ulendo wake wodutsa Africa mu 1856. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi anthu ake. Agogo atakhala pakhoma miyendo ili lendelende, a kabaza atatsamiritsa njinga, mnyamata akusenda kokonati ndi chikwanje, kukhapa katatu kokha n'kundipatsa kuti ndimwe. Palibe amene anabwerera ntchito. Anangobwera kudzaona madzi.

Ndiye taganizani za Mudi, mtsinje wa mu Blantyre. Blantyre nayo si mwana: mishoni inayamba mu 1876, Mandala House ndi ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinatha mu 1891. Mtsinje ukudutsa pakati penipeni pa tauni, koma ndani anauzapo mnzake kuti tiye tikayende m'mbali mwa Mudi? Pamlatho wa kufupi ndi msika timadutsa chothamanga, dzanja lili pamphuno, m'munsimo muli majumbo, mabotolo ndi madzi akuda bii. Nyumba zonse zinaulozetsa kumbuyo, komwe kumakhala dzala.

Musaganize kuti kwa anzathuwa n'kumwamba. Misewu ina ndi maenje okhaokha, nyumba zambiri za Apwitikizi zikugumuka, udzudzu wake sumva kukana. Madziwonso ndi amatope, okwera ndi kutsika motsatira nyanja, osayerekeza n'komwe ndi a Likhubula wa ku Mulanje omwe umawerenga miyala ya pansi.

Nditanena zimenezi alamu anaseka: "Inu alamu, ku Dziwe la Nkhalamba, pa Likhubula pomwepo, munapitako liti?" Ndinawerenga zala. Kunali tsiku lomwe ndinaperekeza alendo ochokera ku Lilongwe, ndipo mwana wanga woyamba anali asanabadwe.